Kulera Anapiye a Zinziri M'nyengo Yotentha

 Phunziro lathu la lero ndi la zinziri. Tonsefe timaidziwa zinziri ya kutchire. Imabisala m'udzu ndi m'minda. Ukaiyandikira imadzambatuka n'kukatera patsogolo pang'ono. Anyamata a kubusa amaitchera misampha. Koma imene tikambe pano ndi zinziri ya m'khola, yoweta ngati nkhuku.

Ine ndimayendetsa sukulu ya akuluakulu m'mudzi mwathu, cha ku Ntengo-wa-Mbalame. Ophunzira anga ambiri ndi mamembala a koperativa yathu ya mbatata ya kachewere. Zimene ndalemba pano tinaziphunzira movutikira. Tinataya anapiye 68 pa tsiku limodzi, ndipo gulu lathu linatsala pang'ono kupasuka. Werengani modekha. Mukamaliza gawo limodzi, imani, mukambirane.

ZINZIRI YA M'KHOLA

Zinziri ya m'khola inachokera ku Japan. Anthu a kumeneko anayamba kuiweta kalekale chifukwa cha kulira kwake kokoma. Cha m'zaka za m'ma 1910 anayamba kusankha zoikira mazira ambiri. Mtundu umenewu ndiwo unafala m'maiko ena mpaka kufika kwathu kuno.

Mbalameyi imakula msanga. Dzira lake limaswa pa masiku 17 kapena 18, pamene la nkhuku limatenga masiku 21. Thadzi limayamba kuikira likakwanitsa masabata 6 kapena 7. Likamadya bwino limatha kuikira mazira oposa 250 pa chaka. Koma pali vuto limodzi. Zinziri ya m'khola siikonda kufungatira mazira ake. Mazira amaswera m'makina. Tsono mwanapiye amatuluka wopanda make womufunditsa. Make ndinu, mlimi.

Mwanapiye wa zinziri ndi wochepa zedi. Tsiku loswa amalemera magalamu 6 mpaka 8 okha. Wa nkhuku amalemera pafupifupi magalamu 40. Ndiye kuti pafunika anapiye asanu kapena asanu ndi mmodzi a zinziri kuti alingane ndi mmodzi wa nkhuku. Kathupi kotere kamazizira msanga, kamatenthanso msanga. Taganizani madzi a mu supuni ndi madzi a mu ndowa. Mukaika zonsezi padzuwa, oyamba kufunda ndi ati? Ndi a mu supuni. Mwanapiye wa zinziri ali ngati supuni imeneyi.

ZIMENE ZINATICHITIKIRA

Titagulitsa mbatata, gulu linagwirizana zoyesa zinziri. Tinasonkha ndalama n'kugula anapiye 200 a tsiku limodzi kwa munthu wina amene ali ndi makina oswetsera mazira. Unali mwezi wa Okutobala. Tinawaika m'chipinda chathu chosungira mbewu, cha denga la malata.

Ife a ku Tsangano chimene timaopa ndi kuzizira. Dziko lathu ndi la pamwamba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimawaula mbewu m'madimba. Alendo ochokera ku Tete akagona kuno amapempha bulangete lachiwiri. Kotero pa msonkhano tonse tinanena mau amodzi: "Moto usazime." Tinazinga malo ndi makatoni, pakati n'kuikapo mbaula yaikulu. Zenera tinatseka ndi chiguduli. Mpata wa pansi pa chitseko tinatseka ndi nsanza.

Usiku woyamba zinayenda bwino. M'mawa mwake tonse tinapita kukagalauza ku minda. Amayi amene linali tsiku lao loyang'anira anawonjezera makala cha m'ma 10 koloko, monga tinawauzira. Anakhoma chitseko poopa mphaka, n'kupita ku chigayo. Pobwerako inali 2 koloko masana. Atatsegula, mpweya wotentha unawaomba kumaso. Anapiye anali mbwee m'mbali mwa makatoni, kukamwa kuli yasa. Amayiwo anakuwa. Titawerenga, akufa anali 68.

Madzulo pa bwalo panali phokoso. Ena amati ndi chitopa. Ena amati wogulitsa uja anatipatsa anapiye odwala. Ena ankanong'onezana za anthu a njiru. Bambo wina anati amayi aja alipire basi. Amayiwo anaimirira akulira, nati: "Apampando, mundifufute m'buku. Ine ndinachita zimene munandiuza."

Tsiku lotsatira kunabwera alangizi a zaulimi. Iwo sanayambe n'kuweruza. Anayamba n'kufunsa.

"Kodi akufawo anagona pati? Pafupi ndi mbaula kapena kutali?"

Tinati kutali, m'mbali mwenimweni mwa makatoni.

"Nthenda siisankha pogona," anatero alangizi. "Anapiyewa amathawa moto, koma anasowa kothawira."

Ena sanakhulupirire. Tsono alangizi anatulutsa choyezera kutentha. Anapiye otsala tinali titawasamutsira kale m'nyumba ya udzu. M'chipinda muja tinakonza zonse monga zinalili dzulo lake: mbaula, chiguduli ndi nsanza. Choyezera tinachiika pansi, n'kukhoma chitseko. Itakwana 2 koloko tinatsegula. Alangizi anaitana agogo ena a m'kalasi mwanga, amene anaphunzira manambala chaka chomwecho.

"Agogo, tatiwerengereni pamene pathera kamzera kofiirako."

Agogo anagwada n'kuyang'anitsitsa. "Kadutsa 40, mwana wanga. Pamwamba pake pali timizera tina tinayi."

"Ndiye zonse pamodzi zikhala zingati?"

"44."

"Anapiyewa amafuna 35," anatero alangizi.

Tonse tinangoti chete. Kenaka apampando anavula chipewa, nati: "Amayi, tikhululukireni. Cholakwa n'chathu tonse. Tinati moto usazime, osadziwa kuti dzuwa nalonso ndi moto." Akulu akale anati safunsa anadya phula. Ife tinadyadi phula.

KUTENTHA KUMAPHA BWANJI?

Munthu akatenthedwa amatuluka thukuta, thupi n'kuzizirako. Mbalame ilibe thukuta. Imaziziritsa thupi popuma mofulumira, kukamwa kuli kotsegula. Popuma motero imataya madzi a m'thupi. Thupi la mbalame palokha limatentha madigiri 41 kapena 42. Mpweya wa m'chipinda ukayandikira pamenepo, thupi limasowa kotayira kutentha kwake. Mwanapiye amafooka, amagwa, amafa. Ngakhale opulumuka amakula mopinimbira, chifukwa mwanapiye wotenthedwa sadya.

Nanga tingowasiya opanda moto? Ayi ndithu. Mwanapiye ali ndi ubweya wokha. Nthenga zimamera n'kukwanira pa masabata 3 kapena 4. Asanafike pamenepo sangathe kudzifunditsa yekha. Ndipo kwathu kuno, ngakhale mu Okutobala, m'bandakucha kumazizira. Kotero lamulo la m'chilimwe ndi ili: usiku moto, masana mthunzi ndi mpweya.

MANAMBALA OYENERA KUWASUNGA

Malo olerera anapiye tiziwatchula kuti bokosi, kaya ndi la matabwa, kaya ndi mpanda wa makatoni. Kutentha timakuyeza m'madigiri. Mbali yofunda ya bokosi izikhala motere:

Sabata yoyamba: madigiri 35.
Sabata yachiwiri: madigiri 32.
Sabata yachitatu: madigiri 29.
Sabata yachinayi: madigiri 26.

Mwaona? Sabata iliyonse timachotsapo 3. Masiku awiri kapena atatu oyamba, 36 kapena 37 salakwika. Koma kamzera kakadutsa 38, chitanipo kanthu nthawi yomweyo. Nthenga zikakwanira, ndipo usiku ukakhala wofunda, moto sufunikanso.

Choyezera kutentha ena amachitcha thamomita. Gulani chija chopachika pa khoma, chimene manambala ake amafika 50. Cha ku chipatala choyezera malungo n'chosayenera ntchito imeneyi. Musapachike choyezera m'mwamba. Chiikeni pansi, polingana ndi msana wa mwanapiye, chapafupi ndi moto pamene anapiye amagona. Chisakhudze mphika wa moto. Dikirani mphindi zisanu, kenaka werengani. Mukatero yezaninso mbali ina ya bokosi, ya kutali ndi moto. Kumeneko kuzikhala kozizirirapo, kuti wotenthedwa apeze kothawira.

NTCHITO YA TSIKU NDI TSIKU

M'nyengo yotentha woyang'anira asapite kutali. Ife timatsata ndondomeko iyi.

5 koloko m'mawa. Ino ndiyo nthawi yozizira koposa. Onani ngati moto ulipo. Thirani chakudya ndi madzi atsopano.

8 koloko m'mawa. Dzuwa layamba kuomba denga. Musawonjezerenso makala. Tsegulani zenera.

10 koloko m'mawa. Yezani. Ngati chipinda pachokha chafunda kufika nambala ya sabata imeneyo, tulutsani moto.

12 koloko mpaka 3 koloko masana. Apa ndiye pa ngozi. Khalani pafupi. Sinthani madzi. Yezani kawiri.

5 koloko madzulo. Yatsani makala panja. Dzuwa likalowa, kwathu kuno kumazizira msanga. Yezani, mubweze moto m'bokosi. Chepetsani mpata wa zenera, koma musatseke lonse.

9 koloko usiku. Yezani musanagone.

Tambala woyamba akalira. Dzukani, muone moto. Sabata yoyamba tulo timagona ta mayi wa khanda.

Koloko yokha musaikhulupirire. Tsiku la mitambo silifanana ndi tsiku la dzuwa. Mvula ya chizimalupsa ikagwa, kumazizira mwadzidzidzi masana omwe. Pamenepo bwezani moto msanga. Malonso amasiyana. Ku Furancungo ndi ku Ulónguè n'kwa pamwamba ngati kwathu. Koma mukamatsikira ku Moatize ndi ku Tete, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa masana kumatha kudutsa madigiri 40. Kumeneko ntchito yaikulu ndi kuziziritsa anapiye.

ANAPIYE AMANENA OKHA

Choyezera chimatha kusweka. Maso anu ndi makutu anu ndi choyezera chachiwiri. Lowani mwakachetechete, muime, muyang'ane. Pali zizindikiro zinayi.

Choyamba. Anapiye aunjikana pa moto, akukwerana pamsana, akulira mokweza osaleka. Akumva kuzizira. Wonjezerani moto. Mukachedwa, a pansi amafa ndi kupanikizika.

Chachiwiri. Athawira m'mbali, kutali ndi moto. Akupuma wefuwefu, kukamwa kuli kotsegula. Mapiko agwa. Ena agona chafufumimba, khosi atatambasula. Sakudya, angozinga madzi. Atenthedwa. Chotsani moto.

Chachitatu. Onse aunjikana mbali imodzi yokha ya bokosi. Mphepo ikulowa penapake n'kumawaomba. Funani mpatawo, muutchinge.

Chachinayi. Amwazikana bokosi lonse. Ena akudya, ena akumwa, ena akugona, ena akuthamanga. Kulira kwao n'kwa pansipansi. Apa ndiye zili bwino. Musasinthe kanthu.

CHIPINDA NDI BOKOSI

Nyumba ya udzu imaposa ya malata pa ntchito imeneyi. Udzu umatchinga dzuwa masana, umasunganso kufunda usiku. Malata amatentha ngati chiwaya masana, usiku n'kuzizira. Ngati chipinda chanu n'cha malata, yalani udzu wokhuthala pamwamba pa denga, muumange bwino. Sankhani chipinda chimene chili pa mthunzi wa mtengo. Bokosi lisakhale pamene dzuwa limalowera pa zenera, makamaka dzuwa la kumadzulo.

Mpweya uzilowa ndi kutuluka cha m'mwamba, osati kuomba anapiye pansi. Pa zenera ikani waya wa maso ang'onoang'ono. Mukatero mungathe kutsegula osaopa mphaka ndi makoswe. Ife tinakhoma chitseko chifukwa tinalibe waya. Chenjeraninso ndi linthumbu. Sesani kuzungulira nyumba, mumwaze phulusa.

Anapiye 100 apatseni malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pa masabata awiri oyamba. M'chilimwe wonjezeraniko, chifukwa mwanapiye aliyense amatulutsa kutentha kwake. Akachulukana amaphikana okhaokha. Akatha masabata awiri, malowo akhale kawiri. Mbali za bokosi zitalike kufika m'bondo. Ngodya zisakhalepo. Pindani katoni kuti bokosi likhale lozungulira, chifukwa pa ngodya m'pamene amapanikizana.

Moto ikani mbali imodzi, osati pakati. Madzi ikani mbali yozizira. Chakudya chikhale pakati. Potero mwanapiye amasankha yekha pokhala, monga amachitira ndi make: akazizidwa amalowa m'mapiko, akatenthedwa amatuluka.

Pansi yalani mankhusu ouma kapena zopala za matabwa. Pamwamba pake yalani chiguduli kapena nsalu yokhakhala pa sabata yoyamba. Nyuzipepala ndi pulasitiki n'zoterera. Mwanapiye akaterereka miyendo imatangadza, ndipo saimanso. Utuchi wosalala nawonso ayi, amaudya poyesa chakudya. Pakanyowa, chotsani msanga. Akamayandikira masabata awiri amayamba kulumpha ndi kuuluka. Vundikirani bokosi ndi waya, osati bulangete kapena lata.

MOTO WA MTUNDU WANJI?

Makala. Yatsirani panja. Dikirani utsi uthe, makala afiire. Aikeni mu mphika wadothi, osati m'mbaula yotsegula. Mphika umatulutsa kufunda pang'onopang'ono. Ukhazikeni pa njerwa, muuzinge ndi waya kuti anapiye asaukhudze ndiponso mankhusu asagwire moto. M'chilimwe makala a m'manja awiri amayambira bwino, kenaka choyezera chikuuzani ngati afunika ena. Kumbukirani kuti makala amatulutsa mpweya woipa, wosaoneka ndi wosanunkha. M'chipinda chotseka mpweyawu umapha anapiye, umaphanso munthu. Woyang'anira asagone m'chipinda cha makala chotseka.

Nyali ya palafini ya galasi. Imathandiza pa anapiye ochepa. Ikhazikeni poti singagwe. Dulani chingwe chake bwino kuti isachite mwaye.

Babu la magetsi. Mababu akale aja otentha, a 60 kapena 100, ndiwo amafunditsa. Kukatentha kwezani babu m'mwamba. Kukazizira litsitseni. Koma mababu a LED, amene timagwiritsa ntchito ndi sola, amangowala, satentha. Musanyengedwe ndi kuwala kwake. Gwirani ndi dzanja, mumve nokha. Ntchito yake ndi kuunikira kuti anapiye aone chakudya usiku, ndipo pa sabata yoyamba kuwala kumeneku n'kofunika. Amene muli ndi magetsi sunganinso makala, chifukwa magetsi amatha kuzima usiku.

Chigubu cha madzi otentha. Thirani madzi otentha m'chigubu, mutseke zolimba, mukulunge ndi nsanza. Njira imeneyi tinaikonda m'chilimwe. Ilibe utsi, siiyatsa nyumba, ndipo chigubu chimazizira chokha pamene dzuwa likukwera. Vuto lake n'lakuti muyenera kusintha madziwo pakati pa usiku.

MADZI NDI CHAKUDYA

Madzi ndiwo mankhwala oyamba a kutentha. Anapiye akangofika, gwirani mmodzimmodzi, muviike nsonga ya mlomo m'madzi kuti adziwe pomwera. Tsiku loyamba lokha sungunulani supuni imodzi yaikulu ya shuga mu lita imodzi ya madzi, kuti abwezeretse mphamvu za paulendo. Masiku ena onse apatseni madzi oyera a pa mjigo kapena owiritsa. Sungani madziwo mu mtsuko pa mthunzi. Madzi ofunda anapiye samwa mokwanira. Tsiku lotentha sinthani katatu kapena kanayi.

Chomwera chikhale chosazama, monga chivundikiro cha botolo lalikulu kapena kambale kophwatalala. Dzazanimo timiyala totsuka bwino, kuti madzi azioneka m'mipata yokha. Mwanapiye wa zinziri amamira ngakhale m'madzi ofika pa chikhadabo. Akanyowa amazizidwa n'kufa, ngakhale kunja kukutentha. Zomwera zikhale zingapo kuti asalimbirane. Tsukani tsiku ndi tsiku.

Madeya okha sakwanira. Pa magawo 100 a chakudya cha anapiye a zinziri, magawo 24 mpaka 28 ayenera kukhala omanga thupi. Chakudya cha m'sitolo cha anapiye a nkhuku chimachepa pang'ono. Chisinjeni chikhale cha timibulu tating'ono, muwonjezereko soya wokazinga ndi wogaya. Soya wosakazinga amawononga m'mimba. Mungathenso kuwonjezera nsomba zosinja. Kapenta wa ku Cahora Bassa amamuumitsa ndi mchere. Yambani mwamuviika m'madzi kuti mchere uchoke, mumuyanike, kenaka musinje. Mchere umawonjezera ludzu. Masiku oyamba dzira lowiritsa lonyenyanyenya limathandizanso, koma lotsala chotsani lisanasase.

Chakudya chisasowe m'bokosi. Koma chatsopano thirani m'mamawa ndi madzulo, pamene kuli kozizira. Nthawi imeneyo m'pamene amadya kwambiri.

POKATENGA ANAPIYE

Ambiri amafera pa njira. Nyamukani m'mamawa. Boolani katoni m'mbali. Mu chapa musaike katoni pafupi ndi injini kapena pa zenera la dzuwa. Inyamuleni pa miyendo panu. Pa njinga yamoto itchingeni ku dzuwa ndi ku mphepo, koma osakulunga ndi pulasitiki. Musaime pa msika kuti mugule zina. Bokosi likhale lokonzeka ndi loyezedwa kuyambira dzulo lake.

AKATENTHEDWA TICHITE CHIYANI?

Musataye nthawi n'kufunsana kuti walakwa ndani. Chitani izi:

1. Tulutsani moto.
2. Tsegulani chitseko ndi zenera.
3. Kulitsani bokosi kuti amwazikane.
4. Thirani madzi ozizira a mu mtsuko m'zomwera zonse.
5. Ofooka atengeni mmodzimmodzi, muviike nsonga ya mlomo m'madzi. Musawakakamize madzi kukamwa, angatsamwe.
6. Viikani chiguduli m'madzi, muchipachike pa zenera. Mphepo yodutsa pamenepo imazizira.
7. Pepezani ndi katoni pamwamba pa bokosi.

Musawathire madzi pathupi. Musawaike pa simenti yozizira. Ndipo madzulo musaiwale kubweza moto. Mwanapiye amene watenthedwa masana ndi wofooka, sangapirire kuzizira kwa usiku.

KOPE LA GULU

Pa gulu woyang'anira amasintha tsiku ndi tsiku. Walero sadziwa zimene wadzulo anaona. N'chifukwa chake tinagula kope. Tsamba lililonse tinalemba mizere isanu yotsika: tsiku, nthawi, madigiri, akufa, dzina la woyang'anira. Kope limapachikidwa pa msomali pafupi ndi chitseko, pensulo atamangirira ku chingwe. Aliyense akayeza amalemba. Amene dzanja silinazolowere amalemba nambala yokha, mnzake n'kumuthandiza zotsala.

Patatha sabata imodzi tinakhala pansi m'kalasi n'kuwerenga kope lija. Tinaona kuti nambala yaikulu imabwera nthawi zonse cha m'ma 2 koloko masana. Yaing'ono imabwera m'bandakucha. Palibe anachita kutiuza, manambala athu omwe anatiuza. Bambo uja amene amati amayi alipire anapukusa mutu, nati: "Aphunzitsi, ine ndimayesa manambalawa ndi owerengera ndalama basi."

MAU A CHENJEZO

Musanagule anapiye, yambani mwapeza wogula. Funsani m'malo odyera ndi m'misika ya ku Ulónguè, ku Furancungo ndi ku Tete. Ku Kenya m'chaka cha 2013 anthu ambiri anathamangira zinziri atamva kuti mazira ake amachiza matenda osiyanasiyana. Pofika 2014 mazira anachuluka, mtengo unagwa, ndipo ambiri anataya ndalama zao. Dzira la zinziri ndi chakudya chabwino kwa ana ndi akulu, koma si mankhwala. Wodwala apite ku chipatala. Gulu loyamba kumene liyambe ndi anapiye 50 kapena 100. Mukaphunzira kalerede, wonjezerani.

Pa anapiye 132 amene anatsala aja, 9 anafanso chifukwa anali atafooka kale. Enawo anakula, ndipo mu Disembala tinatola mazira oyamba. Kenaka tinagula anapiye ena 150. Tinawalera m'nyumba ya udzu, ndi mphika wadothi, chigubu, choyezera ndi kope. Anafa 8 okha. Amayi aja sanafufutidwe m'buku. Gulu linawasankha kuti azisunga kope, ndipo woyang'anira watsopano aliyense amayamba wapita kwa iwo kukaphunzira kuwerenga kamzera kofiira.

MAU OYENERA KUWALEMBA M'KOPE

zinziri, mwanapiye, bokosi, choyezera, madigiri, mphika, chigubu, mthunzi, mpweya, timiyala.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Alangizi anadziwa bwanji kuti anapiye sanafe ndi chitopa?
2. Kodi mbali yofunda ya bokosi izikhala madigiri angati pa sabata yoyamba? Nanga pa sabata yachitatu?
3. Mwapeza anapiye athawira m'mbali, kukamwa kuli kotsegula. Muchita chiyani poyamba?
4. N'chifukwa chiyani timaika timiyala m'chomwera?
5. N'chifukwa chiyani babu la LED silingalere anapiye?
6. M'mudzi mwanu, ndi nyumba iti imene ingayenere kulereramo anapiye mu Okutobala? Fotokozani chifukwa chake.

MASAMU

1. Gulu linagula anapiye 200. Anafa 68, kenaka anafanso 9. Anakula angati?
2. Ulendo wachiwiri linagula 150, anafa 8. Anakula angati?
3. Choyezera chikuonetsa 44, koma anapiye amafuna 35. Chapitirira ndi madigiri angati?
4. Mazira aikidwa m'makina pa 1 Okutobala. Ngati aswa patatha masiku 17, lidzakhala tsiku liti?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Bwerekani choyezera cha gulu. Yezani m'nyumba ya udzu ndi m'nyumba ya malata pa 5 koloko m'mawa ndi pa 2 koloko masana. Lembani manambala anayiwo m'kope, mubwere nawo ku kalasi.